Za mzungu uja wa pa status

Eee, asuweni, ndamva uthenga wanu. Akuluakulu amene muli m'gulu muno pepani, ndiyankhula motalikitsa pang'ono. Mwafunsa kuti mzungu wachikale amene ndamuika pa status ndi ndani, kaya ndapeza wachibale watsopano. Inu! Funso la inu silibwera lokha, ndimakudziwani kuyambira tili ana kwa agogo.

Chabwino. Dzina lake ndi Eduard Devrient, wa ku Germany, anabadwira ku Berlin mu 1801. Bambo ake anali a zamalonda, iye nkuyamba kuphunzira zomwezo, koma mtima unali ku nyimbo. Pofika 1819 anali akuimba kale pa siteji ya opera, masewero oimba aja, ku Berlin. Ndiye mu 1829, iye ndi mnzake Felix Mendelssohn, kamnyamata ka zaka 20, anafukula nyimbo yaikulu ya Bach, katswiri wakale wopeka nyimbo, ya masautso a Yesu monga analembera Mateyu, imene inakhala zaka zambiri osaimbidwa. Mawu a Yesu anaimba ndi Eduard yemweyo.

Koma dikirani, ndiyambe ndanena za amalume ake. Ayi, ndalakwa, si amalume. Kwathu kuno tikanati bambo ake aang'ono, chifukwa anali mng'ono wa bambo ake. Ludwig Devrient. Ameneyo ndiye anali moto. Anathawa za malonda nkukalowa gulu la zisudzo loyendayenda, kenako mu 1815 nkufika ku Berlin ali katswiri wotheratu. Akakhala mfumu yokalamba pa siteji anthu ankalira misozi yeniyeni. Sewero likatha, ulendo wa ku malo omwera vinyo otchedwa Lutter & Wegner, kukakhala ndi mnzake wolemba nthano, E. T. A. Hoffmann, mpaka usiku kwambiri. Anthu kumeneko amasimba kuti tsiku lina analowa akadali ndi mzimu wa Falstaff, munthu wa m'sewero wokonda kumwa, nkuitanitsa vinyo ndi mawu a m'seweromo akuti Sekt. Woperekera zakumwa anangobweretsa shampeni amene bamboyo ankamwa masiku onse, ndipo akuti mpake mpaka lero Ajeremani vinyo wothovoka amamutcha Sekt. Anamwalira mu 1832 ali ndi zaka 48 zokha. Mowa unamudya.

Mwaona kumene maganizo anga apita, eti? Eya. Amalume athu. Mukukumbukira Khirisimasi ija anakhala Herode ku tchalitchi? Chisoti cha katoni chomata ndi mapepala a golide a m'mapaketi a fodya, nsalu ya pa tebulo ya amayi anu pa phewa. Atangoponda pansi ndi kunena kuti apheni ana onsewo, ana a Sande sukulu anabalalika, wina anatulukira pa windo. Inuyo munabisala kuseri kwa azakhali, musakane, ndinakuonani ndi maso angawa. Abusa eniake anaiwala kuti ndi sewero, anaimirira. Munthu uja anali ndi mphatso, asuweni. Ankatha kuyankhula ngati mfumu ya m'mudzi, ngati agogo aakazi, ngati mwenye wa m'sitolo, nonse nkugwira nthiti. Koma panalibe amene anamuuza kuti chimenechi chingakhale ntchito. Ankangomuitana pa maukwati, malipiro ake botolo. Zotsatira zake mukuzidziwa, nkhani ya njinga ija, ndi zija za pa maliro. Sindibwereza, amayi ali muno.

Mm. Ndinali pati? Eduard.

Iyeyu analemba mawu a opera yotchedwa Hans Heiling, nyimbo zake anapeka Heinrich Marschner, ndipo itayamba kuonetsedwa mu 1833 mbali yaikulu anaimba ndi Eduard yemweyo. Pasanapite nthawi mawu ake oimbira anawonongeka. Tangoganizani, munthu wa zaka 30 ndi pang'ono, wapabanja, chida chake chokhacho chafa. Ayi, ndanena molakwika, sichinali chokhacho, ndipo nkhani yagona pamenepo. Anasamukira ku masewero oyankhula, nkumalembanso masewero ake. Mu 1844 anapita ku Dresden kukatsogolera ochita zisudzo, koma anakangana ndi mng'ono wake Emil, amene anali katswiri wokondedwa kumeneko, mpaka Eduard anatula udindo pansi mu 1846. Za pachibale, sitizidabwa ife. Kenako mu 1852 anamupatsa nyumba ya zisudzo ya ku Karlsruhe, anaiyendetsa mpaka 1870. Ankalimbikira kuti gulu lonse liziyeserera mokwanira, osati munthu mmodzi kuwala ena nkumangoima ngati mitengo. Analembanso mbiri ya zisudzo za ku Germany, mabuku 5. Anamwalira mu 1877 ali nkhalamba yolemekezeka, mwana wake Otto ali kale pa ntchito yomweyo.

Tsono asuweni, tisazungulire. Ndikudziwa kuti mtsikana wanu wakuuzani kuti akufuna kukaphunzira za zisudzo, ndipo mwaona kuti waika kamtima pa chithunzi chija. Mukuopa kuti ine ndi amene ndikumusokoneza mutu, ndipo mukamuyang'ana mukuona amalume. Mulekeni apite. Koma akaphunzire ntchito yonse, kulemba, kutsogolera gulu, kusunga ndalama za pakhomo, osati kuima pa siteji kokha. Banja limodzi lomwelo, magazi amodzi, wina anathera m'botolo, wina mawu atafa anali ndi pogwira.

Mwandimva? Musamutsekere chitseko. Amalume sanawonongeke ndi zisudzo ayi, anasowa woti awagwire dzanja. Mwanayu ali ndi inu, ali ndi ine. Apite, koma aphunzire zonse.

Muuzeni andiimbire Loweruka madzulo, ndione zimene walembazo. Ndipo inu mundibwezere mbale yanga ya buluu ija.