Mayi, mazira amene munadya alibe mlandu

Mayi wina wandilembera imelo kuti adokotala apeza kuti mwana wake ali ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula ndi kuphunzira, chifukwa makromozomu, timizere ta m'maselo a thupi tosunga malangizo a chibadwa, sanalekane bwino. Akufuna kudziwa mmene amalekanirana, komanso ngati iye analakwitsa penapake ali woyembekezera.

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa achemwali anga. Atabereka mwana wachisanu wa vuto lomweli ali ndi zaka 41, abale a kuchimuna ananena kuti anadya mazira ali ndi pakati, ena n'kumanong'onezana za ufiti, ndipo ine, amene panthawiyo ndinkaphunzitsa Biology kusekondale, ndinangokhala duu pakhonde ngati wosadziwa kanthu. Chonsecho sabata yomweyo ndinali nditaonetsa ophunzira anga nsonga ya muzu wa anyezi pa maikulosikopu, makromozomu akuoneka ngati timizere takuda tili ndanda pakati pa selo, m'maselo ena tikukokedwa kupita mbali ziwiri. Kukhala chete kwangako kumandichititsabe manyazi, ndipo sindilolanso kuti mayi azisenzetsedwa mlandu pa chinthu chimene palibe munthu angachilamulire.

Selo la munthu lili ndi makromozomu 46, amene amakhala awiriawiri ndipo amadziwika ndi manambala. Lisanagawikane, kromozomu iliyonse imadzipangira mapasa, ndipo awiriwo amamangidwa ndi puloteni yotchedwa cohesin, imene imawazinga ngati mphete. Kenako timaulusi tochokera mbali ziwiri za selo timawagwira n'kuwafoletsa pakati. Selo limadikira mpaka onse atagwidwa bwino, ndipo apo m'pamene puloteni ina, separase, imadula mphete zija, mapasa n'kukokedwa wina uku wina uko. Wasayansi wa ku Germany, Walther Flemming, amene anaona kugawikana kumeneku m'maselo a salamander, kanyama kofanana ndi buluzi, anakutcha mitosis mu 1882.

Koma dzira la mkazi ndi umuna zimayenera kutenga makromozomu 23 okha, choncho kugawikana kwake kumachitika kawiri. Chodabwitsa n'chakuti dzira limayamba ntchitoyi mkazi akadali m'mimba mwa amayi ake, kenako n'kuima kwa zaka zambiri, mpaka mwezi umene likhwimire. Pa zaka zonsezo mphete zija zimafooka, ndipo nthawi zina makromozomu awiri a nambala 21 amapita mbali imodzi. Dzira limatenga 24, ndipo mwana amakhala ndi 47, monga anatulukira ofufuza a ku Paris mu 1959. Zimachitika kawirikawiri kwa amayi okulirapo, komabe zimachitikiranso atsikana, ndipo nthawi zina kromozomu yowonjezerayo imachokera kwa bambo, mfundo imene akuchimuna aja sanaiganizire n'komwe.

Yankho lanu

Nthawi zambiri izi zimachitika mimba isanakhale n'komwe, choncho chakudya kapena ntchito imene munkagwira sizikukhudzidwa. Pemphani kuti mwanayo amuyeze mtima, popeza pafupifupi theka la ana oterewa amabadwa ndi vuto la mtima, ndiponso makutu, maso ndi chithokomiro.