Tafunsani: Kampani ya ndege yagwa, nanga ndalama za tikiti?

Ndine mphunzitsi ku Nchalo. Ndinagula tikiti yochokera ku Johannesburg kupita ku Cape Town kuti ndikaone mwana wanga, ndipo ndinalipira pa intaneti ndi khadi la Visa. Tsiku la ulendo lisanakwane ndamva kuti kampaniyo yagwa. Foni sakuyankha. Kodi ndalama zanga zalowa m'madzi?

Aphunzitsi, mtima m'malo, koma fulumirani. Kampaniyo isiyeni, pitani ku banki yomwe inakupatsani khadi. Makhadi a Visa ndi Mastercard ali ndi ndondomeko yotchedwa chargeback: mukalipira chinthu koma osachilandira, banki yanu imakaitanitsa ndalamazo ku banki yomwe inkalandirira wogulitsayo ndalama za makhadi. Choncho ngakhale kampani ya ndege itatsala yopanda ndi tambala yomwe, wobweza alipo. N'chifukwa chake mabanki oterewa nthawi zambiri amasungako gawo la ndalama za matikiti mpaka ndege itauluka.

Nthawi ndiyo imagwetsa ambiri. Malire ake ndi masiku 120. Kawirikawiri amawerengera kuyambira tsiku lomwe mukanauluka, koma inu werengerani kuyambira tsiku lomwe munamva za kugwako, chifukwa nayo banki imafuna masiku okonzera mapepala.

Musananyamuke, lemberani kampaniyo kapena oyendetsa chuma chake imelo yopempha ndalama zanu. Sayankha, tikudziwa, koma banki idzafuna umboni woti munayesapo. Imeloyo isindikizeni pamodzi ndi tikiti yoonetsa nambala ya manambala 13, sitetimenti ya banki yoonetsa tsiku ndi ndalama zomwe anadula, komanso chilengezo kapena nkhani ya m'nyuzipepala yonena kuti ndege zaima. Ku banki pemphani fomu yodandaulira yotchedwa dispute form. Wa pakauntala akati "zimenezo kathaneni ndi a ndege", musabwerere. Funsani woyang'anira za makhadi, ndipo musatuluke opanda kope yodindidwa. Banki ikangokhala chete, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki.

Zina zomwe zimasokoneza ndi izi. Mukavomera vocha m'malo mwa ndalama, banki ikhoza kunena kuti nkhani munathana kale, pomwe vocha ya kampani yakufa ndi pepala chabe. Ngati khadi linali la mlamu wanu, wodandaula ndi iyeyo, osati inu. Ngati ulendo wopita munayenda kale, akubwezerani gawo lobwerera lokha. Ndalamazo zimabwera m'marandi kapena m'madola n'kusinthidwa pa mtengo wa tsiku lobweza, ndiye makwacha olowa mu akaunti sangafanane ndendende ndi omwe anatuluka.

Ine ndimakhala ku Bangula. Ndinatumiza ndalama pa foni kwa ejenti wa ku Blantyre kuti andidulire tikiti. Kampani yagwa, ndipo ejentiyo akuti sizikumukhudza. N'zoona?

Bambo, njira yanu ndi yokwera, chifukwa ndalama za pa foni kapena za pamanja zilibe chargeback. Koma musanalipire minibasi yokwera Thabwa kukakangana naye, yang'anani pepala lomwe anakutumizirani. Ngati pali zilembo ndi manambala asanu ndi limodzi okha, popanda nambala yaitali ya manambala 13, n'kutheka kuti anangokusungirani mpando, tikiti sanadule. Ngati ndi choncho, ndalamazo zili m'thumba mwake ndipo kugwa kwa kampani sikukumupulumutsa. Mulembereni kalata yomupatsa tsiku lobwezera, ndipo akakana pitani ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission kapena kubwalo la majisitireti, mutatenga uthenga wa pa foni wotsimikiza kuti munatumiza.

Ngati nambala yaitaliyo ilipo, onani manambala atatu oyambirira, chifukwa ndiwo amanena mwini tikiti: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways, 083 ndi South African Airways. Zimachitika kuti tikiti yadulidwa ndi kampani yamoyo, ndipo yagwayo imangoyenera kukunyamulani chigawo chimodzi cha ulendo. Zikatero, yamoyoyo ndiyo ikupezereni ndege ina kapena ikubwezereni.

Tikiti ikakhala ya kampani yagwayo, mufunseni ejenti mmene anailipirira. Ngati anagwiritsa ntchito khadi lake, achite chargeback iyeyo n'kukupatsani zanu. Ngati ndi wovomerezeka ndi IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse, ndalama zimadutsa m'thumba lotchedwa BSP, ndipo kampani ikaimitsidwa, IATA imatha kugwira zomwe zinali zisanaperekedwe. Mwayi umenewu umagwera makamaka matikiti odulidwa posachedwa, ndiye alembe pempho lobweza sabata yomweyo.

Zonsezi zikakanika, kwatsala kulembetsa ngongole yanu kwa liquidator, amene amagulitsa katundu wa kampani n'kugawa ndalama. Tinene mosabisa: apa musayembekezere zambiri. Amayamba ndi omwe anali ndi chikole, ogwira ntchito ndi a misonkho, ndipo a matikiti amafika mphika utapalidwa kale. Zimatenganso zaka. Nkhani zoterezi si zachilendo kuno: Air Malawi inalowa m'manja mwa liquidator mu 2012, ndipo Comair ya ku South Africa, mwini wa kulula.com, inagwa mu June 2022. Chenjezo lapadera la ku South Africa: malamulo akumeneko amalola kuti wolembetsa ngongole yopanda chikole asonkhetsedwe ndalama zoyendetsera ntchitoyo ngati katundu wa kampani sanakwanire. Funsani kaye liquidator ngati chiopsezo chimenechi chilipo musanasaine fomu.

Mwana wanga ali kunja ndipo tikiti yake yobwerera yafa. Inshulansi ya ulendo imuthandiza? Ndine mayi wa ku Ngabu.

Mayi, pokhapokha m'pepala la inshulansiyo mutalembedwa mawu oti scheduled airline failure kapena insolvency, kutanthauza kugwa kwa kampani ya ndege. Zambiri zotchipa zimangoteteza matenda ndi katundu wotayika. Agule tikiti ina msanga mitengo isanakwere, ayambe wafunsa makampani ena ngati atsitsira mtengo anthu osiyidwa panjira, chifukwa nthawi zina amatero kwa masiku ochepa akaonetsedwa tikiti yakaleyo. Aonenso tsiku lomwe chilolezo chake chokhalira m'dzikolo chikutha, poti a imigireshoni sawerengera zoti ndege inagwa. Malisiti onse asunge.