Yankho pa gulu la banja: BP ya agogo a ku Randburg

Halo, mng'ono wanga. Eee, pepa phokosoli, ndili pa renki ya Bree kuno ku Johannesburg, ndikudikira tekisi idzaze. Ndaona funso lako lija, lakuti BP ya 110 pa 70 ili bwino kapena ayi kwa agogo a zaka 80 amene ukuwasamalawo. Achimwene ayankha kale, eti imeneyo ndi BP ya kamnyamata. Achimwene inu, khalani ku mainjini kwanuko, za magazi a anthu tisiyireni.

M'buku nambalayo ndi yabwino. Koma iwe ndimakudziwa kuyambira ukukwawa, sunafunse za nambala ayi. Dzulo unalemba mongodutsa kuti agogowo sanamalize tiyi, akungogona, ndipo anakuitana dzina la mwana wawo. Lero wabwera ndi nambala kuti wina akuuze kuti palibe vuto, usaimbire ana awo. Ndikunama?

Dikira ndikukumbutse za amalume pa chinkhoswe cha ku Balaka chija. Iwe kunalibe... ayi, unalipo, si ndiwe unagubuduza ndowa ya thobwa? Eya. Amalume anamwa mapilisi awo a shuga m'mamawa osadya kanthu, akuti tikadyera komweko. Anapalasa njinga ulendo wonse uja, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndiye nsima n'kuchedwa chifukwa akuchimuna anafa nayo lole panjira. Cha m'ma 2 koloko amalume ayamba thukuta, manja kunjenjemera, kenaka kutukwana ankhoswe a kuchimuna pamaso pa anthu! Mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba amaitulutsa mwaulemu. Anthu basi, aledzera awa, apita liti kuseri kwa nkhokwe?  Amayi ako okha, amene sukulu analekezera sitandade 4, anaimirira n'kunena kuti mlongo wanga sakhala chonchi, ndipo fungo la mowa palibe. Anafunsa, wadya? Ayi. Mankhwala wamwa? Eya. Anasungunula shuga m'kapu, kuwamwetsa poti anali akadatha kumeza, n'kukhala pambali pawo osachoka. Pasanathe nthawi amalume akufunsa chipewa chawo. Chipewa chija cha nthenga, ankati anachigula ku Salisbury. Mpaka lero amakana kuti anatukwana munthu, ukawafunsa amangoti anthu a ku Balaka ndi amabodza.

Ndimati chiyani... eya. Zimene anachita amayi akozo n'zimene ife timaphunzira ku sukulu ya unamwino, kwathu ngakhale kuno ku Johannesburg. Umayang'ana ndi kufunsa, umatchula vuto, umakonza chochita, umachita, kenaka umabwerera kukaona ngati zathandiza. Shuga wa m'magazi akatsika pansi pa 4 pa makina oyezera munthu amatero, koma pa Balaka panalibe makina. Anangodziwa mmene mlongo wawo amakhalira masiku onse.

Tsono agogo akowo unandiuza kuti amamwa mankhwala a BP ndipo amakhala cha m'ma 150. Ndiye 110 kwa iwowo atsika ndi 40, pamwamba pake tulo ndi kusokonezeka. Okalamba akadwala chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, kawirikawiri thupi silitentha n'komwe, amangoyamba kubalalika mutu ndi kukana chakudya. Mwina madzi achepa m'thupi. Ine sindingatchule matenda ndili pa renki, koma ndikukuuza kuti asintha, ndipo akufunika kuonedwa lero.

Pita ukawerenge kupuma kwawo mphindi yathunthu, usawauze, munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20. Zikafika 22 kupita m'mwamba, atasokonezeka chonchi, usadikire munthu, imba 112 pa foni yakoyo, kapena 10177 ya ambulansi. Uwauze amwetulire, akweze manja onse awiri. Mbali imodzi ikagwa kapena lilime likamalemera, chimodzimodzi, ambulansi. Uone kuti akodza liti komaliza, mkamwa mwauma kapena ayi. Zonsezi ulembe papepala pamodzi ndi nthawi yake, utengenso mabokosi a mankhwala onse. Pilisi la BP la madzulo usawapatse usanafunse dokotala. Kuchipatala kuno amasankha odwala ndi mitundu, wofiira, wa olenji, wachikasu, wobiriwira, ndipo mawu ako amathandiza nesi kusankha. Usakangoti akudwala. Ukanene kuti dzana amacheza bwinobwino, kuyambira dzulo sakundizindikira, BP yawo imakhala 150, lero 110.

Ndikudziwa chikukuopsa, ukuganiza kuti ana awo anena kuti walakwitsa china chake, ntchito n'kutha. Mng'ono wanga, ana awowo amabwera Lamlungu lokha, iwe ndi amene umawasambitsa tsiku lililonse. Ukaona kuti sali mmene amakhalira, unene, ngakhale makina akusonyeza zabwino. Ine usiku kuwodi ndimadzutsa dokotala ndi mawu omwewo, kuti wodwala uyu sali monga analili pa 8 koloko, ndipo amabwera.

Wamva? Nambala ija isiye kaye. Agogo asintha, uwauze eni ake tsopano lino, osati ukamaliza kuchapa. Achimwene, musamuyankhenso, mumusokoneza. Iwe ukatha kuimba unditumizire kuti akupuma kangati, foni ikhala m'thumba la yunifomu.