Makina ndinagula kale, nanga akundidulabe ndalama bwanji?

FUNSO

Zikomo alangizi. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndipo ndimakhala ku Rosettenville ndi mwana wanga wamwamuna wazaka 13. Pa Khirisimasi ndinamugulira makina a magemu a kaunjika kuti azikhazikika pakhomo, asamayendeyende m'misewu ya kuno ku Joni. Khadi langa la kubanki ndinalowetsamo kamodzi kokha. Chiyambire tsikulo ndalama zikungodulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi watha zinapita zoposa R600, zomwe ndimati nditumizire amayi ku Mangochi. Iye akuti anangogula osewera a gemu ya mpira. Kodi mwanayu akundibera?

Mayi wodandaula, Rosettenville

YANKHO

Pepani mayi, R600 kwa munthu wokolopa m'nyumba za eni si masewera. Koma dzina la wakuba musayambe mwamupatsa mwanayo. Ndikuganiza kuti ndalama zanu zikutulukira pazibowo ziwiri.

Choyamba ndi lendi. Ife tinkagula disiki, n'kukhala yathu mpaka itakalikakalika. Lero makampani akufuna muzilipira ngati nyumba. Makampani opanga makinawa ali ndi malendi awo: Sony ili ndi PlayStation Plus kuyambira 2010, Microsoft inayambitsa Xbox Game Pass mu 2017, Nintendo nayo inabwera ndi yake mu 2018. Magemu ambiri ogula salola mwana kusewera ndi anzake pa intaneti popanda lendiyi, ndipo imadzidula yokha pakhadi mpaka mutailetsa. Mukasiya kulipira, magemu obwera ndi lendiyo amatsekeka, ngakhale mwalipira zaka zitatu. Mtengonso amasintha eni ake: mu October 2025, Game Pass Ultimate ku America inachoka pa $19.99 kufika pa $29.99 pamwezi.

Chibowo chachiwiri ndiye chimandiwawa mtima. Marandi anu amasinthidwa kaye kukhala timakobidi ta m'gemu, choncho mwana saona ngati akuwononga ndalama zenizeni. Ndi timakobidito amagula paketi yotseka, osadziwa kuti muli wosewera uti. Akapanda kupeza amene amamufuna, mtima umamuuza kuti yotsatirayo ndiye yamwayi. Ine zimenezi ndimazitcha juga, ndipo sindili ndekha: dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mapaketi otere ogula ndi ndalama ndi juga. Mu 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inavomera kulipira $245 miliyoni yobwezera anthu, boma la America litaidzudzula kuti mabatani ake ankagulitsa anthu zinthu mosafuna, ana n'kumagula makolo osadziwa. Ngati akuluakulu ankakodwa, kuli bwanji mwana wazaka 13?

Usiku uno chotsani khadi lanu m'makinamo, muzimitse zodzilipirira zokha mwezi ukatha, ndipo muike pasiwedi yofunika pogula chilichonse, yodziwa inu nokha. Mwanayo mutsegulireni akaunti ya mwana pansi pa yanu. Mumatha kumuikira malire a ndalama, ngakhale ziro. Mwezi umene thumba lalola, mugulireni kusitolo vocha yoikira ndalama mu akaunti ya magemu. Ikatha yatha.

Za kubwezeredwa, lemberani kampani ya makinawo msanga, ngakhale timakobidi togwiritsidwa kale ntchito kawirikawiri sabweza. Musathamangire kuuza banki kuti ibweze ndalamazo mwamphamvu, chifukwa makampani ena amatseka akaunti yonse, magemu omwe munagula n'kupita nawo.

Kenako mukhazikeni pansi, mumuonetse mauthenga a kubanki aja, muwerengere limodzi. Muuzeni kuti ndalamazo zinali za agogo ake, ndiponso kuti inu mumagwira masiku angati kuti muzipeze. Ana obadwira kapena kukulira kuno amaona khadi likungogunditsidwa patilu, thukuta lake saliona.

Makinawo musamulande. Chimene munagulira chija chikadalipo, ndipo mpira womwewo atha kusewera ndi mnzake atakhala pampando umodzi, osalipira kalikonse.