Usanagule mankhwala, tiyambe tawerenga miyezi ya amayi ako

Mdzukulu wanga, wandifunsa za amayi ako. Ukuti ali ndi zaka 47, masiku ano sachedwa kupsa mtima, usiku amadzuka thukuta lili kamukamu mpaka kusintha zofunda, ndipo mwezi watha unazindikira kuti asamba kawiri. Ndiye ukufuna ndikutchulire mankhwala oti ukawagulire. Mtima wako ndi wabwino, ndauona. Kungoti ana a masiku ano mumathamangira botolo la mankhwala musanadziwe chimene mukuchiza. Funso loyenera kubwera nalo linali lakuti: kodi amayi angawa miyezi yawo amawerenga ndi ndani?

Kale mzimayi sankalowa yekha m'zaka zimenezi zoyandikira kusiya kusamba. Pankakhala mkulu wake, mlamu wake kapena mnzake wa msinkhu umodzi amene ankadziwa kuti uyu anaona liti komaliza. Mwezi ukaoneka kumwamba ankafunsana monong'ona kuti, "Kaya inu anzathu, uno wakupezani?" Analibe kalendala, analibe foni, koma mzimayi akadumphitsa miyezi itatu panali wina wodziwa. Akataya magazi mpaka sabata yachiwiri panali wina womukokera pambali n'kumuuza kuti mnzanga, izi zapitirira. Wamng'ono ankamvetsera akuluakulu akamakamba, ndiye tsiku limene kutentha kwamugwira koyamba sankaganiza kuti walodzedwa. Lero m'nyumba aliyense maso ali pafoni, mayi akuchapa nsalu zake usiku kuti ana asaone. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa nkhani iyi mwini mimba amagwidwa ndi manyazi, ndiye pamafunika wina wogogoda.

Ndikulimbikira za kuwerenga chifukwa ngakhale kuchipatala, mzimayi wopitirira zaka 45 samudalira kwenikweni kumuyeza magazi kuti adziwe ngati wayamba kusintha. Mahomoni, timadzi ta m'thupi toyendetsa kusamba, pa nthawiyi amakwera lero n'kutsika mawa, ndiye chipimo cha tsiku limodzi chikhoza kunama. Amamufunsa masiku ake. Timati mzimayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yathunthu osaona ngakhale kadontho. Ambiri zimawachitikira pakati pa zaka 45 ndi 55. Koma tsiku limenelo lisanafike pamakhala zaka za kusinthasintha, kawirikawiri zinayi, ena mpaka 8 kapena kupitirira. Amayi ako ali m'zaka zimenezo. Amene wasiya asanakwane 40, ameneyo akaonane ndi dokotala, chifukwa mafupa ndi mtima wake zimasowa estrogen, homoni wamkulu wa m'thupi la mzimayi, nthawi isanakwane. Wosuta fodya amasiya msanga ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Za kusamba kawiri zija usadzidzimuke nazo msanga. Mazira akayamba kuchepa m'matumba mwake, chizindikiro choyamba kwa ambiri ndi kufupika kwa masiku. Amene ankatha masiku 28 amayamba kuona pakatha 24 kapena 25. Ndiye ngati anayamba pa 2, adzayambanso pa 26 mwezi womwewo. Pakalendala zikuoneka kawiri, koma thupi silinalakwe kanthu. Kenako masiku amayamba kusiyana, uno 24, wotsatira 35, kusiyana kwake kufika sabata kapena kupitirira. Chakumapeto amadumpha masiku 60 kapena kuposa. Ndipo pali miyezi ina imene dzira silituluka n'komwe. Dzira likapanda kutuluka, progesterone, homoni wopangidwa dzira likatuluka, sapangidwa, pamene estrogen akupitiriza kukulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero. Limangokhuthala osagwa. Tsiku limene ligwe limagwa lonse pamodzi, ndi chifukwa chake mzimayi amene wakhala miyezi iwiri osaona amadzataya magazi ambiri okhala ndi mibulu.

Tsono kawerengedwe kake ndi aka. Pezani kope laling'ono. Tsiku loyamba ndi limene magazi ofiira atuluka, osati la timadontho tabulauni. Lembani deti limenelo, lembaninso deti limene asiya. Powerenga kutalika kwa mwezi, yambirani tsiku loyamba la ulendo uno kukafika tsiku loyamba la ulendo wotsatira. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza, amayambira tsiku lomaliza, n'kukauza namwino kuti ndikusamba masiku 19 aliwonse pamene ndi 24. Pa tsiku limene magazi achuluka kwambiri, lembani kuti asintha mapadi kapena nsalu kangati. Ikani kachizindikiro pa tsiku lililonse limene aona timadontho pakati pa mwezi, kapena atakhala malo amodzi ndi bambo ako. Usiku wa thukuta nawonso ulembedwe. Miyezi itatu yolembedwa chonchi imathandiza dokotala kuposa kufotokoza kwa ola lathunthu kongokumbukira.

Kope limeneli ndi limene limasiyanitsa kusintha kwa msinkhu ndi matenda obisala kumbuyo kwake. Magazi akapitirira masiku 7, apite kuchipatala. Akamabwera masiku 21 asanakwane mobwerezabwereza, apite. Padi ikamadzaza ola lililonse kwa maola awiri otsatizana, kapena mibulu ikamaposa nsonga ya chala chachikulu, asadikire kuti kuche kawiri. Magazi a pakati pa mwezi ndi otuluka pambuyo pokhala malo amodzi, komanso chikazi chonunkha kapena chosakanikirana ndi magazi, amafunika kuunika khomo la chiberekero. Nthawi zambiri amapeza zotupa za m'chiberekero zomwe si khansa, kapena tinthu tomera m'kati tomwe amatichotsa mosavuta. Koma khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'kati mwa chiberekero zimayambanso chomwechi, ndipo zimakonda msinkhu womwewu. Chimandiwawa kumva mzimayi wataya magazi chaka chathunthu anthu akungomuuza kuti ndi kukula.

Ndipo ichi uchisunge mpaka iwe udzafike kumeneko: miyezi 12 ija ikakwana, magazi aliwonse odzatuluka pambuyo pake, ngakhale kadontho kamodzi pansalu, si kusamba. Ena amasangalala kuti utsikana wabwerera. Ayi ndithu. Mwa amayi 10 otere, pafupifupi mmodzi amapezeka ndi khansa ya m'chiberekero, ndipo ikagwidwa msanga imachizika bwino. Koma magazi akabwera pa mwezi wa 9 kapena wa 10, kuwerenga kumayambiranso pa 1.

Pali china chimene ana simufuna kumva cha makolo anu. Amayi ako akhozabe kutenga pakati. Dzira limatuluka mwa apo ndi apo mosalonjeza, ndipo mimba ya pa msinkhu umenewu imabwera ndi mavuto ambiri. Amene wasiya asanakwane zaka 50 apitirize kulera zaka ziwiri kuchokera pamene anaona komaliza, wopitirira 50 chaka chimodzi. Akadumphitsa mwezi asanafike pamenepo, ayambe ayezetsa mimba. Amene ali pa jakisoni kapena njira ya pamkono, njirayo payokha imatha kuimitsa kusamba, ndiye asadzinamize kuti wamaliza. Akafunse namwino nthawi yoyenera kusiya.

Thukuta lija ndi lodziwika. Amayi atatu mwa anayi amakumana nalo. Kutentha kumayambira pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, mtima n'kumagunda mofulumira, kenako thukuta, kenako kuzizidwa. Zimatenga mphindi imodzi mpaka zisanu. Estrogen akamatsika, mbali ya ubongo yoyang'anira kutentha kwa thupi imadzidzimuka ndi kusintha kwakung'ono, n'kuyamba kuziziritsa thupi lomwe silinatenthe. Kwa ambiri zimapitirira zaka pafupifupi 7, ndiye musawalonjeze kuti zitha chaka chino. Azifunda zopyapyala ziwiri m'malo mwa bulangete limodzi lolemera, kuti azichotsa chimodzi osadzuka. Zovala zikhale za thonje, madzi akumwa akhale pafupi ndi bedi. Mowa, fodya ndi chakumwa chotentha chapafupi ndi nthawi yogona zimakoleza moto umenewu. Koma thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa chopitirira masabata awiri, kuonda kapena kutentha thupi kosatha, akayezetse chifuwa chachikulu. Mtima ukamathamanga tsiku lonse, manja akunjenjemera, thupi likutsika, akaonetse chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni.

Kupsa mtimako, taganizira munthu amene wadzuka katatu usiku uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa n'kupeza mbale zosatsuka. Mahomoni ali ndi gawo lake, kuiwalaiwala nakonso kumabwera, koma kusowa tulo ndi kumene kumamaliza munthu. Muwapepukitsire ntchito. Mukaona kuti akhala masabata opitirira awiri ali ndwii, osafuna kudya kapena kucheza, zomwe ankakonda sizikuwakomanso, amenewo ndi matenda a nkhawa ndipo amachizika.

Chimene sangakuuze n'komwe ndi kuuma kwa njira ya abambo. Khungu la kumeneko limapyapyala, kukhala malo amodzi kumawawa, mkodzo umabwera pafupipafupi ndipo nthawi zina umaotcha. Kutentha thupi kumadzatha kokha, koma kuumaku kumakulirakulira ngati sikuthandizidwa, ndipo mabanja ambiri azizira chifukwa cha chinthu chokhala ndi mankhwala. Alipo mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi, aliponso estrogen wopaka kapena woika komweko amene amalemba adokotala. Mafuta odzola wamba amang'amba kondomu. Sopo wonunkhira ndi kutsuka m'kati zimangoonjezera kuuma. Nkhani imeneyi si yako, ndi ya akuluakulu anzawo, ndi chifukwa chake ndikulira kuti macheza aja anatha.

Tsopano mankhwala amene unafunsa. Alipo ndithu, koma si ogula mwana n'kukapereka. Mankhwala a mahomoni amachepetsa kutentha ndi thukuta kuposa china chilichonse, ndipo amathandiza bwino akayambidwa munthu asanakwane zaka 60 kapena zisanathe zaka 10 chisiyireni kusamba. Koma mzimayi amene chiberekero chake chilipo sapatsidwa estrogen yekha, chifukwa amakulitsa khungu la m'kati lija mpaka kuyambitsa khansa; amamuphatikiza ndi progesterone. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana kwa magazi m'mitsempha, matenda a chiwindi, kapena amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, samupatsa mwachisawawa. Ndipo mankhwala amenewa si olerera. Kwa wotaya magazi ambiri kuli tranexamic acid womwa masiku osamba okha, kulinso lupu ya mahomoni imene imachepetsa magazi kwinaku ikulera. Usawagulire asipirini woti athetse cham'mimba, amachulukitsa magazi. Uwayang'ane m'zikhato ndi m'kati mwa zikope. Mukayera, ndipo akamapuma wefuwefu pokwera kamtunda kakang'ono, magazi achepa. Mapilitsi oonjezera magazi amadetsa chimbudzi, asaope, asamwere tiyi, ndipo apitirize pafupifupi miyezi itatu magazi atabwerera, apo ayi amatsikanso. Za mafupa tidzakamba tsiku lina, koma ayambiretu kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata.

Iwe usakawakhalitse pansi pamaso pa abale ako n'kuyamba kuwafunsa za kumwezi, si ulemu. Pita kwa amayi ako aakulu kapena azakhali amene amagwirizana nawo, uwauze zimene waona, uwapatse kope lija. Iwowo ndi amene akafunse kuti anaona liti komaliza, ndiponso kuti amayi awo anasiya ali ndi zaka zingati, chifukwa mwana wamkazi nthawi zambiri amasiya chapafupi ndi msinkhu umene mayi wake anasiyira. Ngati pa zoopsa ndatchula zija chilipo chimene chaoneka kale, asadikire miyezi itatu yolemba. Awaperekeze kuchipatala sabata yomwe ino, atalemba madeti awiri a mwezi watha aja ndi masiku amene magazi anatenga ulendo uliwonse.