Makhadi a tarot: ula, masewera kapena ufiti?

Mafunso a ulendo uno onse akhudza makhadi a tarot, aja a zithunzi amene oombeza a ku Ulaya ndi ku America amayala patebulo. Ambiri mwawaona m'mafilimu ndi pa TikTok, ndipo mukufuna kudziwa momwe tingawakambire m'Chichewa popanda kupotoza nkhani.

Mayi wina amene amamasulira nkhani za m'magazini ku Blantyre afunsa kuti: "Munthu woyala makhadi a tarot ndinene kuti akuombeza, akulosera kapena akuchita zaufiti? Mkonzi wanga akuti ndingolemba zaufiti poti ndiye zomveka msanga."

Mayi, apa mkonziyo musamumvere. Ufiti m'Chichewa ndi kupweteka munthu mwamseri: kulodza, kutamba, kuyenda usiku anzako ali mtulo. Mfiti siitanidwa ndi amene ikumulodza. Woyala makhadi amakhala poyera, munthu amabwera yekha ndi nkhawa zake, amalipira, amamva zomwe auzidwa n'kumapita. Mukhoza kukhulupirira kuti zimene akunenazo n'zabodza, kapena kuti n'zotsutsana ndi chipembedzo chanu, koma zimenezo sizimusandutsa mfiti. Ndiponso mawu amenewa kwathu kuno ali ndi mano. Lamulo la zaufiti la ku Malawi la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo tonse tamvapo za agogo amene amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha dzina lomweli. Wolemba asamalizolowetse pakamwa pa anthu pongofuna kuti chiganizo chifupike.

Pakati pa kuombeza ndi kulosera pali kusiyana. Kulosera ndi kunena zimene zikubwera, ndipo sikufuna chipangizo: mneneri amalosera, a zanyengo amaloseranso mvula. Kuombeza kumafuna ula, chinthu chogwirika chimene woombeza amachifunsa, ndipo nthawi zambiri kumayang'ana zobisika za lero ndi za dzulo: chadwalitsa mwanayu n'chiyani, banjali likugwedezekeranji. Popeza makhadi amasakanizidwa, kuyalidwa, kenako n'kufunsidwa, lembani kuti "akuombeza ndi makhadi". Alipo ambiri masiku ano amene amati iwo sanena za m'tsogolo, amangothandiza munthu kusinkhasinkha za moyo wake poyang'ana zithunzi. Otere ndi bwino kuti "akumasulira makhadi", monga timanenera za maloto.

Mnyamata wina wophunzira mbiri yakale ku Zomba walemba kuti: "Ndawerenga kuti tarot ndi nzeru zobisika za ansembe akale a ku Egypt. Ndingalembe kuti ndi ula wa ku Egypt?"

Achimwene, mawuwo ndi okoma m'khutu, koma mukawalemba mwasocheretsa owerenga kawiri. Makhadiwa sanachokere kwa Afarao, ndipo sanayambe ngati ula.

Kwawo ndi kumpoto kwa Italy, m'mizinda monga Milan, Ferrara ndi Florence. Zolemba zakale kwambiri zowatchula ndi za 1440 ku Florence, ndi za 1442 m'mabuku a chuma a banja lolamulira la Este ku Ferrara. Ankawatcha trionfi, kutanthauza opambana. Dzina la tarocchi, kumene kwachokera tarot, linayamba kuoneka cha m'ma 1505. Anali masewera, makamaka a anthu opeza bwino. Mabanja olamulira Milan, a Visconti ndi a Sforza, ankaitana amisiri kuti awajambulire pamanja makhadi okutidwa ndi golide, ndipo ena mwa amenewo akusungidwa mpaka lero ku Morgan Library ku New York ndi ku Accademia Carrara ku Bergamo.

Mpukutu wathunthu umene unadzakhazikika uli ndi makhadi 78. Mwa amenewa, 56 ndi wamba, ogawidwa m'magulu anayi: zikho, ndalama, malupanga ndi ndodo. Gulu lililonse lili ndi makhadi 14, kuyambira 1 mpaka 10, kenako mnyamata wotumikira, wokwera pakavalo, mfumukazi ndi mfumu. Otsala 22 ndi aja a zithunzi: Papa, Mfumu Yaikulu, Chilungamo, Imfa, Mdyerekezi, Nsanja, Nyenyezi, Mwezi, Dzuwa, Chiweruzo ndi ena. Pamasewera, khadi lopambana linkadya khadi lililonse lawamba, ndipo lalikulu linkadya laling'ono. Zithunzizo sizinali chinsinsi kwa Mtaliyana wa nthawi imeneyo. Ankaziona pamakoma a tchalitchi ndi pa zionetsero za mumsewu.

Egypt alimo ndithu m'nkhaniyi, koma osati amene mukumuganizirayo. Makhadi wamba anafika ku Ulaya m'ma 1370 kuchokera kwa Asilamu, ndipo a ufumu wa Mamluk ku Cairo anali kale ndi zikho, ndalama, malupanga ndi ndodo zosewerera mpira pakavalo. Ameneyo ndi Egypt wa masultani. Zithunzi 22 zija anawonjezera ndi Ataliyana.

Nanga za ansembe a Afarao zinachokera kuti? Kwa munthu mmodzi, ndipo chaka chake chikudziwika. Mu 1781 Antoine Court de Gébelin, mbusa wa Chipulotesitanti wokhala ku Paris, analemba m'buku lake lotchedwa Le Monde primitif kuti anapeza anthu akusewera tarot kunyumba kwa mnzake, ndipo atangoyang'ana zithunzizo anazindikira kuti ndi buku lotayika la Thoth, mulungu wa nzeru wa ku Egypt. Umboni analibe. Panthawiyo panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga zilembo zakale za ku Egypt, pakuti Champollion anazimasula mu 1822, ndipo zitawerengedwa simunapezeke tarot. Zili ngati mlendo aone akuluakulu akusewera bawo pansi pa mtengo, awerenge maenje 32 aja, n'kukalemba kwawo kuti wapeza kalendala yachinsinsi ya makolo, pomwe eni ake akungotakata.

Komabe bodza limeneli linabala zipatso zambiri, ndipo wophunzira mbiri asalinyoze n'kulisiya pomwepo. Jean-Baptiste Alliette, amene anatembenuza dzina lake n'kukhala Etteilla, analemba malangizo oombezera ndi tarot m'ma 1780, ndipo cha m'ma 1789 anatulutsa mpukutu woyamba wopangidwira kuombeza. Mu 1854 mpaka 1856 Éliphas Lévi, yemwe anaphunzirapo zaunsembe wa Chikatolika, anamanga chiphunzitso chathunthu pa mfundo yakuti zithunzi zilipo 22 ndipo zilembo za Chiheberi ziliponso 22. Motero anamangirira tarot ku Kabbalah, chiphunzitso chozama cha Ayuda. Gulu la Hermetic Order of the Golden Dawn, lomwe linakhazikitsidwa ku London mu 1888, linawonjezerapo nyenyezi ndi mapulaneti, khadi lililonse ndi chake. Matanthauzo ambiri amene mumamva lero anawumbidwa m'zaka zimenezo.

Choncho mawu asankhidwe potengera nthawi imene mukukamba. Mukamalemba za Milan wa m'ma 1400, nenani "masewera a makhadi". Mukafika ku Paris wa Etteilla, "ula" walowa bwino. Zimene amazitcha arcana tingati "zinsinsi zazikulu" kwa 22 aja ndi "zinsinsi zazing'ono" kwa 56, koma mayina amenewa ndi a m'ma 1800. Kuwaika m'kamwa mwa a Sforza n'kulakwitsa. Ndipo mwambo wonse wa Lévi ndi anzake ndimakonda kuutcha "chiphunzitso chobisika", chifukwa eni ake ankadziona ngati osunga nzeru zimene zimaululidwa kwa olowetsedwa okha. Mawu akuti "zamatsenga" amangogwira mbali imodzi ya zimene ankachita.

Musaiwalenso kuti masewera aja sanafe. Ku France anthu amasewerabe tarot m'mabanja ndi pamipikisano, ndipo ali ndi bungwe lake loyendetsa masewerawa kuyambira 1973. Ku Austria ndi ku Slovenia kuli mtundu wake wotchedwa tarock. Amenewa sakuombeza, ndipo musawatche otchova njuga pokhapokha ngati patebulo pali ndalama.

Mphunzitsi wina wa ku Chipata afunsa mwachidule: "Khadi ili kapena khadi iyi? Ndipo tilembe tarot, taroti kapena talo?"

Aphunzitsi, onse awiri amamveka. Owulutsa mpira amati "khadi yofiira", monga timanenera kuti sukulu yathu, masukulu athu. Ena amati "khadi lofiira" chifukwa kuchuluka kwake ndi makhadi, monga khasu ndi makasu. Sankhani imodzi ndipo muisunge mpaka kumapeto kwa nkhani. Ine pano ndatsata "khadi ili". Za dzinalo, Afalansa satchula t womaliza, choncho "taroti" akuwonjezera phokoso limene kulibe. Tikanatsata kalembedwe kathu kakuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, tikanalemba "talo", koma palibe wowerenga angazindikire chimene mukunena. Lisiyeni tarot.

Funso lomaliza ndi la bambo wina wokhala ku Johannesburg: "Ndikufuna kufotokozera achibale mayina a makhadiwa. The Hanged Man ndinene kuti Wopachikidwa? Nanga The Fool ndi The Magician?"

Bambo, yambani mwayang'ana chithunzicho musanasankhe mawu. Munthu wa pa khadi la 12, The Hanged Man, sanamangidwe pakhosi. Wamangidwa mwendo umodzi pamtengo, mutu uli pansi, mwendo winawo waupinda kumbuyo kwa unzake, manja ali kumsana. "Wopachikidwa" atengera maganizo a Mkhristu aliyense ku Gologota, ndipo "Wodzimangirira" akunena za kudzipha, zomwe pachithunzipo palibe. Ine ndingati "Wolendewera Chadodolido". Ku Italy wakale umu ndi momwe ankajambulira pamakoma munthu wopereka mzinda wake kwa adani, kuti achite manyazi pamaso pa onse, ndipo m'madera ena khadili linkatchedwa dzina lomwelo la wompereka. Koma mumpukutu wotchuka wa 1909, wa Arthur Edward Waite ndi Pamela Colman Smith, nkhope yake ndi yodekha, kumutu kwake kukuwala, ndipo mtengowo ukuphuka masamba. Chigawenga chonyozeka chasanduka munthu wodzipereka amene akuona dziko mwatsopano. Kusintha konse kwa tarot kukuoneka pa khadi limodzi limeneli.

Chimodzimodzi khadi loyamba, The Magician. M'mipukutu yakale ya ku Marseille, mzinda wa ku France, ndi munthu wa pamsika, wayala timakapu ndi timipira pakatebulo kuti apusitse odutsa, ndipo pamasewera ndiye wamng'ono kwambiri mwa opambana onse. Ameneyo ndi "Wamasalamusi". Wa Waite ndi wina: wavala mkanjo wofiira, dzanja limodzi laloza kumwamba ndi kandodo, lina laloza pansi, pamwamba pa mutu pali chizindikiro chonga 8 wogona chotanthauza kusatha, ndipo patebulo pali chikho, lupanga, ndodo ndi ndalama yolembedwa nyenyezi ya nsonga zisanu. Uyu yekha ndiye ayenera dzina lakuti "Wamatsenga". Khadi lachiwiri nalonso linali "Papa Wamkazi" lisanasandutsidwe "Mkulu wa Ansembe Wamkazi", wokhala pakati pa nsanamira ziwiri, yakuda yolembedwa B ndi yoyera yolembedwa J. Achibale anu odziwa Baibulo azizindikira msanga: ndi Boazi ndi Yakini, nsanamira za kachisi wa Solomoni pa 1 Mafumu 7:21.

The Fool ndi wovutirapo. "Chitsiru" ndi mwano, ndipo chimakoka chiganizo chonse kuti chikhale chonyoza: chitsiru chija chapita, chagwa. Ataliyana ankamutcha il Matto, wamisala, ndipo ankamujambula wosauka, wovala nsanza. Pamasewera analibe malo okhazikika. Wosewera ankamuponya pofuna kupulumutsa khadi lake labwino. Smith anamujambula ngati mnyamata wosangalala, kaphukusi kali pandodo, duwa loyera m'manja, kagalu koyera kakudumpha pambali, iye maso ali kumwamba pomwe phazi lili m'mphepete mwa phompho, nambala yake 0. Oombeza amati ndi chiyambi cha ulendo, mtima wosadziwa mantha. Kwa wakaleyo "Wamisala" akukwana, ndipo ife amene timati wamisala anaona nkhondo sitivutika kumvetsa kuti munthu wonyozeka angaone zimene ochenjera sakuziona. Kwa mnyamata wa Smith ndingasankhe "Wosadziwa Kanthu", kapena "Wopusa" ngati mukufuna lalifupi.

Khadi la 13 litchuleni "Imfa" basi. Oombeza ambiri amatonthoza anthu kuti limatanthauza kutha kwa chinthu china ndi kuyamba kwa chatsopano, ndipo mukhoza kufotokoza zimenezo, koma musalibatize kuti "Kusintha". Chojambulidwapo ndi mafupa a munthu, kale atanyamula chikwakwa, kwa Smith atakwera kavalo woyera mfumu ili gone pansi. Opanga makhadi a ku Marseille nthawi zambiri sankalembapo n'komwe dzina, ankangoika nambala.

Chinanso, bambo: mpukutu wa 1909 uja anthu ambiri amautcha Rider-Waite. Rider inali kampani yosindikiza ya ku London, Waite ndiye anapereka malangizo, koma anajambula makhadi onse 78 ndi Pamela Colman Smith, mayi wobadwira ku London amene anakulirako ku Jamaica. Ndiye anaika anthu ndi zochitika ngakhale pa makhadi wamba aja, amene m'mipukutu yambiri yakale ankangoonetsa malupanga atatu kapena zikho zisanu, ndipo n'chifukwa chake munthu wosaphunzira Kabbalah amatha kuwayang'ana n'kupezamo nkhani. Anamwalira mu 1951 ku Cornwall, ku England, ali ndi ngongole, dzina lake lisakutchulidwa pa dzina la mpukutuwo. Pouza achibale anu, nenani kuti "makhadi a Waite ndi Smith", ndipo akafunsa za zithunzizo muwauze kuti n'zojambulidwa ndi Smith.