Funsani Azakhali: Khansa ya bere inatha koma masitepe akundibanikitsa

Funso

Azakhali, ndine mayi wa zaka 48, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ntchito yanga ndi ya m'nyumba. Chaka chatha anandichotsa bere la kumanzere, ndinalandira kemo yofiira ija kenako radiation. Pano akuti khansa sikuonekanso koma ndikangokwera masitepe a pa flat pathu basi wefuwefu. Bambo a kunyumba akuti ndizingopuma, azimayi akutchalitchi akuti dzanja ili ndisamanyamulire kanthu litupa, nde mwana wanga akuti amayi yambani jimu. Ndimvere ndani?

Mayi wa ku Rosettenville

Yankho

Achemwali, pepani ndi zonse mwadutsamozi. Mwana wanuyo ndi amene walasa, koma musathamangire kugula mateki, yambani mwapita akakuoneni mtima.

Kemo yofiira mukunenayo nthawi zambiri imakhala doxorubicin, ndi mankhwala amphamvu pa khansa koma kwa anthu ena amafooketsa mnofu wa mtima, mwina patapita zaka ndithu. Trastuzumab, uja ambiri amamudziwa kuti Herceptin, nayenso amatha kutero, ndiye radiation ya kumanzere imadutsa pafupi ndi mtima. Sikuti aliyense amadwala ayi, ambiri wefuwefuyo amabwera poti thupi lakhala miyezi osagwira ntchito kapena magazi achepa. Koma zongoganizira sizithandiza. Pa tsiku lanu la chekapu auzeni adokotala zimene mwandiuzazi, funsani za echo, ija amaunika mtima kuona mmene ukupopera magazi, ayezenso BP, shuga ndi magazi. Ndipo musanamizire mpweya wa Joni, inde Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, koma masitepe omwewo munkakwera bwinobwino musanadwale.

Mapazi akamatupa, mukamabanika mutagona chagada, pachifuwa pakamapweteka kapena mukamachita chizungulire, osadikiranso tsiku la chekapu, pitani tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati mukumwa tamoxifen ndiye katumba ka mwendo umodzi katupa nkumawawa, mankhwala amenewa nthawi zina amaundanitsa magazi m'mitsempha.

Akakuuzani kuti mtima uli bwino, yambani kuyenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 kapena kuposa pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, koma inu yambani ndi 10 basi muzionjezera pang'onopang'ono. Liwiro lake ndi loti mukutha kucheza ndi mnzanu koma nyimbo ya kwaya simungaikwanitse. Ndikudziwa muziti Azakhali ine ndimakhala chiimirire tsiku lonse kwa abwana, zoona, kusita ndi kutsuka mbale kumatopetsa msana ndi miyendo koma mtima sukhala wathamanga mokwanira, nde tsikani tekisi patali pang'ono nkumalizitsa wapansi mwandawala. Kutopa kwa kemo kuja kumachepa ndi kuyenda, kugona masana onse ndi kumene kumakukulitsa. Kungoti Joni ndi Joni, osayenda nokha kukadali mdima foni ili m'manja. Ngati Loweruka simugwira ntchito kuli parkrun, makilomita 5 aulere 8 koloko m'mawa, kuno inayambira ku Delta Park mu 2011 ndipo pano ili m'mapaki ambiri, oyenda chabe amaloledwa.

Za dzanjazo azimayi akutchalitchi akunena malangizo akale. Kafukufuku wa ku America wa mu 2009 anapeza kuti amayi otupa dzanja chifukwa chochotsedwa anabere a m'khwapa, atayamba kunyamula zitsulo mochepa nkumaonjezera pang'onopang'ono, dzanja silinaonjezere kutupa, anangopeza mphamvu. Chachikulu ndi pang'onopang'onopo. Kabotolo ka madzi ka 500ml nkokwanira poyambira, kawiri pa sabata, osati lero ndi lero chidebe cha malita 20. Pemphani akutumizeni kwa a physio akuonetseni kachitidwe kake, ngati anakupatsani sleeve, ija yothina yovala pa mkono, muzivala pochita zimenezi. Dzanja likafiira nkumatentha, thupi nalo latentha, imeneyo ndi ya kuchipatala msanga.

Bambowo musakangane nawo, ndi mantha chabe, anakuonani mukuvutika. Atengeni muziyenda limodzi Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, ndipo muwafunse kuti iwowo BP anayezetsa liti.